Theka la Inchesi la Seydou

Lolemba, 3 Febuluwale

Ndamuyeza Seydou katatu lero, katatu konse tepi ikunena chimodzimodzi: mafiti sikisi, mainchesi sikisi ndi theka. Lamulo la ligi yathu ya akuluakulu limati timu iliyonse ya basiketibolo ikhale ndi mlendo mmodzi, wosewera wochokera kunja, ndipo asapitirire mafiti sikisi ndi mainchesi sikisi. Theka la inchesi! Chikhadabo changa ichi. A ligi adzamuyeza okha Lachiwiri la sabata yamawa, 3 koloko masana. Akadzapeza kathekako, timu siyingamulembe.

A Kochi Nonoy anangondiyang'ana n'kuti, "Perla, uli ndi masiku asanu ndi atatu. Umufupikitse." Ngati akunena thalauzi.

Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwongola misana ya osewera basiketibolo, lero ndipinde wa munthu wabwinobwino. Zandikwana.

Ulendo wakewo ndiye umandinyansa. Mwanayu anachoka ku Mali ali ndi zaka 17, wasewerera koleji ya kuno ku Manila zaka zisanu, Chitagalogi, chiyankhulo cha kuno, amachiyankhula mpaka kutukwana nacho madalaivala a jipini, timinibasi ta kuno, kuposa ine. Koma papepala ndi mlendo. Mkazi wake Rowena ndi wa konkuno ku Marikina, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Akalephera Lachiwiri, malo ena omwe amupezera ali ku Bahrain, ndipo akufuna afike sabata yomweyo. Mwana adzabadwa bambo kulibe.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Tayamba. Aliyense m'ligi muno akudziwa kachitidwe kake, palibe amalankhula. Munthu amadzuka wamtali, akamayenda tsiku lonse msana umaphwa pang'ono. Ndiye timamusenzetsa chitsulo pamapewa maola awiri, kukwera ndi kutsika masitepe, osagona, osatsamira. Tsitsi tameta mpala. A Kochi amafuna timupalenso zikang'a za kuphazi. Ndinawafunsa ngati tidulenso zala, iwo osaseka.

Seydou thukuta kamukamu koma nthabwala osasiya. "Ate Perla, mukandifupikitsa kwambiri Rowena andibweza, anakwatiwa ndi wamtali." Ndinamuuza atseke pakamwa asamale mpweya. Amanditcha Ate, ndiye kuti mchemwali m'Chitagalogi, chiyambire tsiku lomwe ndinamumanga bondo ali kukoleji.

Mwezi watha a ligi anapempha maganizo okonzera masewerawa. Ine wopusa ndinalemba masamba anayi. Lamulo la msinkhu lichoke, chifukwa likuphwanya misana ya anthu, ndipo ndinafotokoza bwinobwino zachitsulozi. Mlendo amene waphunzira kuno zaka zinayi aziwerengedwa wa kuno. Ndinalowanso za makoleji: mwana akasintha sukulu asamakhale zaka ziwiri pabenchi ngati wapha munthu, pomwe kochi wake akasintha timu amayamba ntchito mawa lake. Ndiponso ana aziwaona m'kalasi. Ndikudziwa mnyamata wina anamaliza koleji osadziwa kuti laibulale ili mbali iti. Mpaka lero yankho zii.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Sikisi, sikisi ndi kota. Msana wayamba kumupweteka kumunsi. Sindinawauze a Kochi.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Ndakangana ndi a Ambo pachakudya cham'mawa. Amuna anga sanagwirepo mpira chichokereni kusekondale koma akakhala patsogolo pa TV ndi kochi wa dziko lonse.

"Inu mayi, mukachotsa lamulo la msinkhu abweretsa zimphona za mafiti seveni. Ana athu azingotola mipira."

"Nanga tikapita kukasewera kunja, a Ambo, zimphonazo mumakaziyeza ndi tepi?"

"Kunja n'kunja."

Ndi yankho limenelo! Anaviika buledi wawo mu khofi ngati anena zanzeru. Kenako akuti vuto lenileni ndi oyimbira masewero, onse achotsedwe. Ndinanyamuka khofi wanga ndisanamalize.

Masana Rowena anabweretsa msuzi wa bwemba ndi nsomba kumalo okonzekera masewero. Mimba ili uko. Anakhala pabenchi akuona mwamuna wake akukwera masitepe ndi chitsulo. Pochoka anandigwira mkono. "Ate, zitheka eti?" Ndinati zitheka. 4 koloko tepi inati sikisi, sikisi ndendende. A Kochi anandipsompsona pamphumi, ine kupukuta.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Mlembi wa ligi waimba foni! Akuti kalata yanga yawerengedwa mu komiti, mabwana "yawakhudza kwambiri", ndipo Lolemba kutuluka chikalata. Ndinavina ndekha m'chipinda chomangira mabandeji. Ndinatsala pang'ono kumuuza Seydou kuti atule chitsulocho, koma ndinati ayi, tidikire ziwoneke ndi maso.

A Ambo akuti, "Ndinanena ine kuti mkazi wanga ndi mutu." Ananena liti?

Lamulungu, 9 Febuluwale

Misa. Ndayatsa kandulo. Seydou ndi Msilamu koma kandulo sifunsa.

Lolemba, 10 Febuluwale

Chikalata chafika. Ndachiwerenga kasanu.

Lamulo la msinkhu lili pomwepo. Chomwe asintha ndi kayezedwe. Kuyambira mawa mlendo aziyezedwa 8 koloko m'mawa, atagona chagada pathabwa mphindi makumi atatu, anthu awiri atamugwira mawondo kuti asapinde. Akuti izi achita "pofuna kuteteza misana ya osewera, potsatira kalata ya mmodzi wa ogwira ntchito zachipatala m'matimu athu". Za kuwerengedwa wa kuno, za ana a m'makoleji, zonse zija mzere umodzi: "mfundo zina tidzaziona mtsogolo."

Masamba anayi, iwo atolamo chibonga chokha. Walira mvula walira matope, Perla.

A Kochi anaponya botolo la madzi kukhoma. "Kazitape ameneyu ndani? Ndikamudziwa adzamangira mabandeji agalu!" Anatchula wa timu ina, anatchula dokotala wina wa ku Pasig, aliyense akuponyapo dzina. Ine ndinali pakona ndikupinda matawulo opindapinda kale.

Seydou anabwera mwakachetechete. "Ate, ndikagona ndimatalika bwanji?" Ndinati mwina kota, mwina kupitirira. Anagwedeza mutu n'kubwerera kukasenza chitsulo chake. Ndinamukalipira kuti achisiye, sichithandizanso. Sanamve.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ofesi ya ligi, 8 koloko. Seydou anafika atathamanga kuchokera kunyumba ndi chikwama cha mchenga kumsana. Anamugoneka pathabwa. Mphindi makumi atatu zija ndinkangoona ntchito ya sabata yonse ikuwongoka pamaso panga. Anthu awiri pamawondo, wachitatu ndi kathabwa pamutu. Atolankhani akujambula ngati ayeza nsomba yaikulu.

Sikisi, sikisi ndi makota atatu.

A Kochi anatuluka foni ili kukhutu, akufunsa kale za mlendo wina. Mkulu wa komiti anandipatsa moni wa manja awiri n'kundinong'oneza, "Mayi, tikuthokoza, mwatitsegula maso." Ndinalakalaka kumuluma.

Seydou ndinamupeza panja pamasitepe akumanga nsapato. Ndege ya ku Bahrain ndi ya Lachisanu. Anayamba kundithokoza, akuti palibe wamuvutikira ngati ine, akuti iye ndi Rowena anagwirizana kale kuti ndidzakhale pambali pa mkaziyo tsiku lochira, popeza mayi ake a Rowena amakomoka akaona magazi. Sindinathe kupirira.

"Seydou, kalata ija ndinalemba ndine."

Anasiya chingwe cha nsapato. Sanandiyang'ane.

"Munalembamo zoti ife ophunzira kuno tiziwerengedwa a kuno?"

"Ndinalemba. Tsamba lachiwiri lonse."

"Ndiye zachitsulo munalemba tsamba liti?"

"Loyamba."

Anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. "Ate, zaka zonsezi simukuwadziwa mabwana? Safika tsamba lachiwiri."

Magalimoto ankangodutsa. Ndinafuna andikalipire, anditukwane m'Chitagalogi chake chija, zikanandipepukira. Anamaliza kumanga nsapato, anaimirira atagwira kumsana.

"Rowena musamuuze. Akadziwa sakulolani m'chipatala, ndiye adzakhala yekha."

Ndinati chabwino. Anakwera jipini osatembenuka.

Masana ano Rowena watumiza uthenga. Akuti walira mpaka maso kutupa, koma mtima wakhala pansi podziwa kuti ine ndidzakhalapo. Akufunsa ngati ndingamuperekeze kusikelo Lolemba. Ndayankha kuti ndidzamutenga 7 koloko.