Malo Amodzi pa Lole ya ku Blantyre

Loweruka, 7 Juni 1986

Subira Atumani. Ndayamba ndi dzina lake kuti tsiku lina mtima ukadzafuna kufewa, ndidzatsegule pano.

Mpikisano wothamanga m'phiri unali lero. Kuchoka pasukulu ya pano pa Chembe, kulowa m'paki, kukwera njira ya ku Msaka, kuzungulira, kubwerera. Mtsikana woyamba apita ku Blantyre ku mpikisano wa dziko lonse. Mmodzi basi. Woyamba Subira. Ine wachiwiri.

Ndinali patsogolo ine. Aphunzitsi a Willard anamanga nsanza zofiira m'mitengo dzulo, zolozera njira. Kufika pathanthwe pamene njira imagawikana, nsanza palibe. Ndinakhotera kumanja. Subira kumbuyo kwanga, pafupi moti ndinkamva kupuma kwake. Anandiona. Sanaitane. Iye kumanzere, ine m'chitedze.

Munthu amene ndakhala ndikuthamanga naye m'mawa uliwonse chiyambire dzinja.

Siketi yang'ambika. Ndatsika phiri nditaigwira ndi dzanja, a chipani angati ndikuonetsa mawondo dala. Ndatopa. Ngakhale kulira kukufuna mphamvu.

Lamulungu, 8 Juni

Kutchalitchi sindinapite. Thupi lonse kuyabwa. Mlamu wandipaka phulusa, sizinathandize.

Za nsanza zadziwika. Achimwene Fanwell, poti ndi alonda a m'paki, abwera nazo akuseka. Lachinayi ndi Loweruka ndi masiku amene amayi amaloledwa kutola nkhuni. Koma kusenda luzi nkoletsedwa, iwo omwewo achimwene ndi amene amalanda zikwanje. Ndiye amayi alawira, apeza mitengo yavala nsanza zodulidwa kale, zazitali bwino. Angasiye? Akuti mitolo inatsika phiri itamanga zofiira ngati ikupita ku ukwati.

A Willard abwera chaka chino kuchokera ku Ntcheu. Sanafunse munthu. Ophunzira safunsa, ndikudziwa, ndine mmodzi wa iwo.

Subira m'phiri muja analowamo ali kumbuyo kwa mayi ake. Nsanza alibe nazo ntchito. Ine ndabwera chaka chatha.

Achimwene ati, "Ndi masewera chabe, Agatha." Masewera. Amene athamanga bwino ku Blantyre makampani amawatenga, m'mawa ofesi, madzulo kubwalo. Fomu 4 ndinakhoza. Makalata ofunsira ntchito sayankhidwa. Ntchito yanga pano ndi matewera a mwana wawo.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinapita kwa a Willard kukapempha kuti tibwereze. Ndinalowa osagogoda. Subira ali momo, wadziyeza kabudula wabuluu m'chiuno, akumwetulira. Kamalaya kopanda manja patebulo. Yunifolomu ya ku Blantyre.

Zobwereza akana. Akuti mayina anapita kale kuboma. Nditawauza kuti njira anaipereka okha kwa amayi a nkhuni, khutu linawatentha, koma yankho lomwelo.

Ndikutuluka a Willard anandiitana. "Zimene waonazi zisatuluke. Kubwalo lamasewera boma limalola, koma a Atumani akudziwa kuti mwana wawo akathamanga ndi chitenje monga kuno."

Ndiye kusunga chinsinsi ndikuyenera. Kukwera lole ayi.

Subira panja: "Ndinaitana, mwera unali wambiri." Mwera wake uti? Tsamba silinkagwedezeka. Ndinamuyang'ana mpaka anayamba kukumba pansi ndi chala cha kuphazi.

Lachinayi, 12 Juni

Miyendo siidziwa kuti zatha. Yandidzutsa yokha. Ndakwera mpaka pathanthwe paja, ndaima. Njira ya kumanzere ndi yoonekeratu, yopondedwa. Ndinaisiya bwanji? Anyani ali pamiyala kundiyang'ana ngati ndabwera kudzapepesa maliro.

Potsika bondo kuwawa. Madzi, mbale, matewera, phala la mwana. Mlamu akuti sopo akutha msanga chibwerere ine.

Masana Subira wabwera ndi zitumbuwa m'kambale. Wakhala pamwala, ine ndikuyanika matewera. Kenaka: "Iwe uli ndi satifiketi. Ine ndili ndi miyendo yokhayi. Bambo uja wa ku Makanjira watumanso anthu." Bambo wa ngalawa ziwiri, wa mkazi kale. Akuti akapeza ntchito ku Blantyre, kwawo sangamukakamize.

Ndinati satifiketi yanga ndi iyo ili pachingwe, ikudontha.

Zonse ananena. Pepa yekha ndi amene sanatuluke. Akanangoti ndinakuona, ndinakhala chete, pepa. Mwina. Sindikudziwa.

Zitumbuwa adya ana a m'mudzi. Kambale ndatuma mlamu.

Loweruka, 14 Juni

Kudoko m'mawa, kutsuka mbale. Amayi ambiri. A Mwanabibi, mayi ake a Subira, pakamwa posatseka. Mwana wanga akakwera lole. Mwana wanga akaona nyumba zosanjikizana, magetsi mumsewu. Wina anati, "Nanga wasukuluyu anasochera bwanji? Mapu sanaphunzire?" Kuseka doko lonse. Ena mwa osekawo ndi omwe anamasula nsanza.

A Mwanabibi anawonjezera: "Musamuseke, phiri silidziwa Chingerezi."

Ndinati Blantyre nayenso akamuona Subira. Ntchafu zonse, mu kabudula wolekeza apa. Ndinaloza ndi dzanja la thovu. Ndinati amuna odzaza bwalo, ena ndi makamera.



A Mwanabibi anasonkhanitsa mbale zosatsukuluza, kusenza, ulendo. Supuni imodzi anaisiya mumchenga.

Sindinaname. Palibe liwu limene ndinanama.

Chakudya chamasana chandikanika.

Lolemba, 16 Juni

A Atumani anapita kusukulu m'mawa, atavala mkanjo woyera ndi chisoti. Akuti sanakalipe. Anangopempha kuona chovalacho. Anachitembenuza, kuchiika patebulo, nkuti zikomo aphunzitsi, mwana wanga sapita.

A Willard afika kwathu dzuwa lili pamutu. Mpando anaukana. Kabudula m'pepala la nyuzi, anapatsira mlamu, osati ine. "Lole inyamuka Lachinayi. Asaiwale khadi la chipani, pamsewu amafunsa." Kuyankhula ngati ine palibe, ndili pakhomo pomwepo.

Ndiye ndikupita.

Ndimayesa ndidumpha. Ndangokhala pamphasa.

Mlamu akupeta mpunga, osandiyang'ana: "Ena amapambana ndi miyendo." Sindinamuyankhe. Aka nkoyamba chibwerere pano.

Malowo anali anga. Ndinali patsogolo. Amene anayamba ndi iye. Ndanena zimenezi kwa achimwene, kwa mlamu, kwa mbuzi ya eni ake yomwe imadya sopo wathu. Palibe wanditsutsa. Palibenso wavomera.

Lachitatu, 18 Juni

Kuchapa, kusita, kusoka siketi ija. Nsapato za tenesi zabooka chala, ndaikamo kachikopa. Achimwene andibwereka chikwama chawo cha kuntchito, chikununkha utsi.

Kuyesa kuthamanga pang'ono m'munsi mwa phiri, miyendo ngati matumba a mchenga. Ndekha. Panalibe wondipumira kumbuyo, liwiro ndinalisowa poliyezera.

Kabudula ndamuyesa chitseko chotseka. Ndi wamfupidi.

Anthu a ku Makanjira afika dzulo pa ngalawa. Zamveka kuti a Atumani avomera, akuti mwana wayamba kubisa zinthu, bola apite pabanja zisanakule. Ukwati mwezi uno usanathe. Mlamu ndi amene wandiuza, mosafunsidwa, kawiri.

Ndinafika mpaka pa mathandala oyanikira usipa oyandikana ndi kwawo. Kukatani, sindikudziwa. Ndinamva mtondo ukulira kuseri kwa mpanda. Ndinabwerera.

Lachinayi, 19 Juni, Mangochi

Lole yaima paboma kudikira othamanga a ku Malindi. Ndikulembera pabondo. Fumbi m'mano, m'tsitsi. Anyamata a mpikisano akuimba chichokere, mutu ukuwawa.

Tinanyamuka kutangocha. Wondiperekeza achimwene okha. Msewu wotuluka m'Chembe umakwera pakati pa mapiri, lole ikuyenda ngati nkhalamba. Pakona tinapeza amayi akutsika ndi nkhuni, mzere wautali, zambiri kuposa masiku onse. Zophikira ukwati. Anapatukira m'mbali kuti tidutse.

Subira wachitatu pamzere. Mtolo waukulu, wa munthu wamiyendo yolimba. Tinadutsa pafupi moti ndikanatha kukhudza nkhuni zake. Anyamata anakuwa dzina lake, ena kuimba mluzu.

Ndinatsegula pakamwa. Ndinali nalo dzina lake pa lilime. Sindinaitane.

Iye sanatembenuke. Munthu atasenza mtolo khosi silitembenuka, aliyense akudziwa. Mwina ndi mtolo chabe.

Sindinamukhululukire. Kaya iye. Dalaivala waliza hutala, a ku Malindi afika. Nkhani ya Subira yathera pano, sindidzaitchulanso, m'buku muno kapena kwa munthu.