Ndatulukamo Popanda Phyllis

Bambo a Olivia,

Ndapita kwa amayi ku Khwethemule, ndibwera Lamulungu. Makiyi ali kwa aneba athu, a Marita.

Pepani, ndagwira laputopu yanu yakale ija. Ndimafuna ndione ndi maso anga vuto limene limakupititsani kunyumba kwa Phyllis wa ku ofesi ya esiteti Lachitatu lililonse. Poyatsa ndinadina F2 monga mumachitira, ndipo panabwera sikirini yabuluu ija mumaitcha BIOS, yomwe mumati mukalowamo simungatuluke popanda iyeyo.

Zoona, mausi sigwira ntchito m'menemo, ndipo batani lolozera pansi linafa tsiku lija munalithira tiyi. Koma nditawerenga timawu ta m'munsimo, ndinayenda ndi Tab, n'kudina F10 ndi Enter, basi ndatuluka.

Ndasokoneza deti yokha. Ikuti 1998, chaka chomwe Lachitatu lanu linali langa. Muikonze nokha musanapite kuntchito.

Ine wa Sitandade 8 zanditengera mphindi zisanu. Inu ndi Phyllis zimakutengerani maola atatu. Ndikabwera mudzandifotokozere bwinobwino zomwe mumakonza nthawi yotsalayo.

Tisungeni