Agogo Atatu mu Jolonale ya ku Beira

Amayi, kodi zikukuyenderani bwanji kumeneko?

Khalani tsonga, chifukwa wokulemberaniyu si munthu wamba. Ndi ine Selemani wanu, amene apadiri anamuthira madzi pamutu n'kumutcha Simawo inu mukulira, katswiri wa kalasi yachitatu, womasulira Chipwitikizi wa Domwe yense pa masiku amene womasulira weniweni waledzera. Ndipo chaka chino mwana wanu wa imviyu watuluka mu jolonale, pepala la nkhani la ku Beira, azungu akumuyang'ana uku akumwa khofi.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Chisanu chinapsereza mbatatesi za kudambo, koma nyemba zachita bwino. Mdzukulu wanu Mariyamu wabereka mapasa, onse mphuno ngati yangayi, Mulungu awachitire chifundo. Mtengo wa mapichesi munabzala uja ukubereka, ndipo ana a eni ake akuuba mokhulupirika. Za imfa ya alamu anga a Jafali sindikuuzani poti muli nawo komweko.

Nkhani ndi ya mlongo wanga Asiyatu. Titaika a Jafali, iye analowa eda monga munkachitira inu: miyezi inayi ndi masiku khumi, nsalu yoyera, osadzola, osaonekera kwa amuna achilendo. Mwezi wachiwiri kunabwera Mpwitikizi wina wonenepa, kabokosi kojambulira kali pamimba, akuti akufuna kuona Asilamu. Sipayi, wapolisi wa Apwitikizi, anamuperekeza mpaka kwathu. Asiyatu anali kuseri, mkati mwa mpanda, akuyanika nyemba. Sipayi anakankha bango, mzungu n'kulowetsa diso la kabokosi. Mlongo wanga anakokera nsalu kumaso, maso okha ali pamtunda, misozi ili chuchuchu. Ndiye chithunzicho.

Patapita masabata, mwini kantina, sitolo ya pa Domwe, anakhoma pachitseko pepala la jolonale lokhala ndi chithunzi chija. Anthu anandiitana: "A Simawo, bwerani mutiwerengere." Ndinawerenga mokweza, chitsiru ine, ndisanadziwe kumene mawuwo akupita. Analemba kuti umu ndi mmene Asilamu amasungira akazi awo, kuti mwamuna wake wamutsekera ngati mbuzi, samulola kuona dzuwa, ndipo mkaziyu sadziwa kanthu kupatula mantha.

Amayi, mwamuna wake uti? A Jafali amene m'moyo wawo wonse sanatsekerepo ngakhale nkhuku, amene anali atagona m'manda miyezi iwiri? Ndipo wosadziwa kanthuyo ndi Asiyatu, mzamba amene analandira theka la ana a Domwe m'manja mwake, ndi ana a sipayi yemweyo omwe? Amene amawerenga Kurani kuchokera kumanja kupita kumanzere, chinthu chimene mzunguyo sangachite ngakhale ataimirira chadodolido? Dzina lake sanalembe. Sanafunse n'komwe.

Chinamupweteka koposa si mawuwo. N'choti pa eda yake, amuna onse obwera kudzagula mchere ndi vinyo ankamuyang'ana m'maso. Eda itatha, anakana kutuluka. Akazi akadwala pakati ankatuma anthu, iye n'kuyankha ali m'nyumba: "Pitani kwa odziwa kanthu." Mapasa a Mariyamu analandira ndi mayi wina wa ku Lifidzi, ndipo mmodzi anatsala pang'ono kutisiya.

Munkati, "Selemani, pakamwa pakopa padzakudyetsa kapena padzakumangitsa." Ndinaganiza kuti papezeko ntchito yachitatu.

Nthawi yokolola mzungu uja anabweranso, akuti a ku Beira anachikonda chithunzi chija, akufuna zina. Womasulira anali ataledzera, ndiye anaitana ine. Ndinavula chipewa, ndinawerama mpaka msana kulira. Ndinati, "Sinyoro, ndikudziwa khomo limene kuli anamwali atatu achisilamu, okongola ngati mwezi, mawa akugulitsidwa kwa nkhalamba ya mano awiri. Koma bambo awo ndi chilombo. Inu mukabisale kuseri kwa mpanda, musayankhule, ine ndikawanyengerera atuluke." Analemba zonse m'kabuku, malovu akuchita kudontha.

Ndinathamangira kwa anzanga a bawo, a Bwanali ndi a Chikapa, n'kuwauza kuti anamwali atatuwo tikhala ife. A Bwanali anati, "Iwe galu, ine ndili ndi zidzukulu." Ndinati, "Zidzukuluzo anazilandira ndani?" Anati, "Bweretsa nsaluyo." A Chikapa anangofunsa ngati angalowe ndi kaliwo wawo.

Tinadzikulunga bwinobwino, ndevu tinamanga ndi luzi, pachifuwa tinaikapo zikho. Tinatuluka mothyolathyola m'chiuno, n'kukhala pamphasa mitu ili pansi. Ine ndinkasisima pang'ono kuti ntchito ioneke. A Chikapa anandinong'oneza, "Chemwali, chepetsa, ukulira ngati ng'ombe." Kabokosi kanalira katatu. Koma mapazi, Amayi, mapazi tinawasiya pamtunda dala. Phazi langa la zala zinayi lija, limene chala chake chinatsala ku migodi ya ku Joni, ndinaliika patsogolo penipeni. Zidendene za a Bwanali, zong'aluka ngati dambo la mwezi wa khumi, nazo zinaonekera. Pambali pa namwali wachitatu panali kaliwo akufuka utsi.

Pepala litafika, mwini kantina analikhoma monyadira. Ulendo uno ndinawerenga pang'onopang'ono, mawu alionse kawiri. Maluwa atatu a ku Angoniya, akuti. Mayi wina anasuzumira nati, "Duwa ili si a Simawo?" Amayi, anthu anagwa pansi. Nkhani inafika ku Ulongwe dzuwa lisanapendeke. Shefi wa posto, mkulu wa boma kuno, anatikwapulitsa m'manja ndi thabwa la mbalamatodya tonse atatu, koma sipayi womenyayo ankalephera kukweza mkono ndi phwete. Mwini kantina anang'amba mapepala onse awiri. Ndipo mzungu uja anamuchotsa ntchito, anabwera wapansi kuchokera ku Tete, nagwada pakhomo pa Asiyatu kupempha chikhululukiro, fumbi lili mbuu m'maondo.

Ndinapita kwa mlongo wanga manja ali otupa, kuyembekeza nkhuku. Ndinamupeza akumanga kansalu kake ka uzamba, chifukwa mkazi wa a Chikapa wamng'ono anali atayamba kudwala. Anaseka, inde, mpaka anagwira khoma. Kenaka anati, "Achimwene, ndinu chitsiru chabwino. Kuno aseka poti akudziwa phazi lanu. Nanga ku Beira alidziwa? Kumeneko awerenga kuti timagulitsa ana athu, ndipo amene wawauza ndi inu." Anatuluka n'kupita kwa a Chikapa. Mwana anabadwa wamwamuna, wamoyo.

Mawu amenewo akundiluma mpaka lero, ndipo ndi chifukwa chake ndiyenera kuulula, poti kumene muliko mumaona zonse. Zoti mzungu anachotsedwa ntchito n'kudzagwada zija ndapeka ine. Sanabwere. Ndikumva kuti ali bwino, wanenepa kuposa kale, akujambula akazi a eni ake kwina. Ndinangofuna kuti mumuone atagwada, ngakhale papepala langa lokha.

Koma ndikulonjezani ichi. Ndagula pensulo. Mwezi uliwonse ndizilembera a jolonalewo kalata ya Chipwitikizi changa chothyokachi, dzina la Asiyatu pamwamba, ndi mayina a ana onse amene anawalandira, mpaka alisindikize kapena ndibwere kumene muliko. Ndikafika, mundisungire malo pafupi ndi chipata, ndizimudikira mwini kabokosi.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosamva uja,
Selemani