Chitseko cha M'kompyuta ya Swadick

Durban

Okondedwa achemwali anga a Shamima,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, kodi ayamba kudya? Pafoni amandiuza kuti ali bwino, koma mawu awo sindikuwakhulupirira. Ine kuno ndilipo, Alhamdulillah. Dzino lija ndinakazulitsa, tsaya laphwa.

Ntchito ya m'shopu ikuyenda, kungoti magetsi akumathimathima ngati kwathu komweko, ndipo mapepala anga okhalira m'dziko muno sanatulukebe. N'chifukwa chake pa sadaka ya arobaini ya Swadick, ya masiku makumi anayi chimwalirireni, sindidzakhalapo, monga momwe ndinalepherera kubwera poika maliro. Zimenezi zikundiwawa kwambiri, sindibisa.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa tikangotchula dzina la m'bale wathuyu mumayamba kulira, ine n'kuiwala zimene ndimafuna kunena. Mu envulopu momwemu muli kafulashi kakuda. A Fletcher, amene amatinyamulira katundu pa basi, alonjeza kuti akupatsani pamanja. Ana asakaone, angaikemo nyimbo.

Ndamva kuti sadaka ikatha, pogawa katundu, amalume Che Amidu atenga kompyuta ya Swadick kupita nayo ku shopu yawo ku Namwera kuti azilembera anthu makalata. Pamenepo ndilibe mawu, aitenge. Koma akuti ayamba aipereka kwa okonza kuti aifomate, ndiye kuti kufufuta zonse zili m'menemo, poti ati mwangodzaza masewera owomberana. Apo ndiye pandidetsa nkhawa.

Ndikufotokozereni, paja inu munkangomuona atatong'olera maso pa kompyuta n'kumamunena kuti ndi mlesi. Gemu imeneyo ndi yakalekale, inatuluka ife tisanabadwe. Umaona mfuti yako kutsogolo, n'kumayenda m'makonde kuwombera zilombo. Eni ake analola kuti aliyense wofuna aziisintha, ndiye anthu m'mayiko osiyanasiyana amamanga mabwalo awoawo ndi malamulo awoawo, n'kumasewera ambiri nthawi imodzi pa intaneti. Palibe amawalipira, amangozikonda basi. Swadick anaphunzira yekha pa kabenchi kake kokonzera mafoni kumsika kaja.

Iye anamanga Mangochi. Eee, Mangochi yathu yomweyi! Mlatho wa pa Shire ulimo, msika ulimo, depoti ya maminibasi ilimo, ngakhale ngalande ija munagweramo ndi njinga ilimo, ndipo anaitcha dzina lanu. Zilombo anachotsa. Timagawana matimu awiri, a tsidya lino ndi a tsidya lija, kulimbirana beseni la usipa. Mfuti zina anazisandutsa malegeni, bomba ndi papaya lowola. Ukayandikira mzikiti mfuti imatsika yokha, suwomba ndipo suwombedwa. Zimenezo mukawauzeko amalume, mwina mtima ungakhale pansi.

Lamlungu lililonse masana timakumana m'menemo. Pamakhala ine, Sameer wa kwa Makanjira amene ali ku Cape Town, anyamata ena akwathu a ku Johannesburg, ndi Sangwani wa ku Mzimba, yemwe ku Mangochi sanapondeko koma tinjira tachidule ta kumsika amatidziwa kuposa ine. Analowanso mnyamata wina wa ku Brazil, mpaka lero amafunsabe kuti usipa n'chiyani.

Tsono nkhani ili apa. Nyumba yathu nayo ilimo, kuseri kwa chigayo. Khonde latsopano limene munamanga ine nditachoka ndinayamba kuliona m'gemumo ndisanalione pa chithunzi. Koma chitseko chake sichitseguka, n'chongojambula pakhoma. Ndinamuvutitsa mwanayo zaka zonsezi kuti atsegule, iye n'kumandiseka kuti wofuna kulowa m'nyumba akwere basi. Chipongwe chake mukuchidziwa.

Sabata imene anachita ngozi ija ananditumizira uthenga kuti wamaliza. Anati chitseko chikutseguka tsopano, zipinda zonse wamanga, mpaka chija tinkagona awiri, ndipo waikamo kanthu kena ka ine ndekha. Ndinamukakamiza kuti anene, anakana, ati ndikaona ndikalowa. Analonjeza kutitumizira tonse Lachisanu akachoka kumzikiti. Njinga yamoto ija inamugunda Lachinayi.

Ife tonse tili ndi gemu yakale, ya chitseko chotseka. Yatsopanoyo palibe ali nayo, ili m'kompyuta imeneyo basi. Akaifomata ndiye kuti yapita.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa mlamu Rahma, mkazi wake, sadaka isanafike. Iye ali pa eda, masiku olira mwamuna wake, sangatuluke pakhomo, ndipo sindikufuna kumutopetsa ndi mafoni, koma pasiwedi amaidziwa. Mukayatsa kompyutayo muona kafoda kachikasu kolembedwa kuti KWATHU. Musasinthe kalikonse. Mungokopera kafoda konseko mu kafulashi, n'kudikira mpaka mzere wobiriwira ufike kumapeto. Magetsi akathima pakati, muyambirenso. Mukatha muwapatse a Fletcher pobwerera. Amalume akafunsa musawanamize, muwauze kuti wapempha ndine, ndipo akafuna kukalipa andikalipire ine. Ndinazolowera.

Mwina mukuti Nasir wapenga, anthu akulira maliro iye akulira gemu. Nenani, sindikwiya. Ndikudziwa kuti Swadick sali m'kompyuta, ali kumene Allah wamuika, ndipo dua ndimamuchitira pa swala iliyonse. Koma inu munamuona nkhope komaliza, pakhomo paja mumalowapo tsiku lililonse. Ine kuno ndilibe poti ndingalowe.

Lamlungu lapitali tinasewera koyamba chimwalirireni iye. Masewera ali mkati ndinangopezeka kuti ndasiya beseni la usipa, ndakaima pakhonde pathu, ndikuyang'ana chitseko chija. Kale ukaima chonchi sipatenga nthawi, wina amakuphulitsa ndi papaya kumsana. Ndinadikira, palibe anawomba. Nditatembenuka ndinawapeza onse, matimu onse awiri, ataima pabwalo kumbuyo kwanga, mpaka wa ku Brazil uja. Kenaka Sameer anafunsa ngati kwathu kulibe munthu woti atitsegulire. Ndinamuyankha kuti alipo achemwali anga, ndiwalembera.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti adye, ndikamva kuti akukanabe ndikwiya. Moni kwa alamu ndi ana anu onse, kwa amalume Che Amidu, kwa azakhali a Mwanamvua, kwa mlamu Rahma ndi kamwana kake Subira. Allah akusungeni nonse.

Chonde achemwali, sadaka isanafike. Ndikufuna ndilowe m'nyumba mwathu.

Ndine mlongo wanu,
Nasir