Zithunzi Zimene Akulu Anu Anasiya mu Kamera

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi ana. Kuno tilipo, ndipo ndayambiranso kupita kuntchito.

Kamera yaing'ono ija munawagulira malemu akulu anu ndaipeza m'thumba la jekete yawo. Ankaikonda chifukwa siilira pojambula. Nditaitchaja Loweruka, ndinapezamo zithunzi zanga zambirimbiri zimene sindinkazidziwa: ndikusita, ndikukolopa, ndikuwodzera pampando kukamwa kuli yasa. Ndinaseka ndekha m'nyumba muno mpaka ndinachita mantha ndi mawu anga omwe.

Kenako ndinafika pa zithunzi za mabenchi a kuchipatala. Kamerayi imalemba tsiku, alamu. Anayamba kupitako miyezi isanu asanandiuze kuti akudwala, masiku amene ankanyamula chikwama n'kunena kuti, "Lero ndichedwa, ntchito yachuluka."

Pa chithunzi china pali munthu wakhala pambali pawo, wagwira mapepala a dokotala. Nkhope yake siikuoneka, koma wotchi imene wavala ndikuidziwa. Unali mwezi uja munabwera kutchuthi.

Sindinakwiye ayi. Mukadzapeza mpata, mudzangondiuza ngati ankaopa.

Moni kwa onse kumeneko.

Ndine mlamu wanu.