Ba Nkole Akuyesa Ndikuseka, Koma Mwana Akubanika

Aphungu,

Ndine wometa. Mu Chawama muno, mutu umene sunadutse m'manja mwanga ndiye kuti mwini wake sanabadwe. Pakamwa panganso mpotchuka, ndikayamba nkhani ngakhale minibasi imaima kuti imve. Koma lero pakamwa pomwepa pandipweteka.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli thanthwe limene ba Nkole amaswapo miyala yogulitsa kwa omanga. Kuti thanthwelo ling'aluke, amaunjikapo matayala akutha n'kuwayatsa. Utsi wake ndi wakuda bii, ndipo mphepo imautula pakhomo pathu. Nkhuku yanga yoyera anthu akuiyesa khwangwala.

Mwana wanga Ndaona wangoyamba kumene sukulu. Matayala akayaka, chifuwa chake chimaliza mluzu. Sabata yatha anafuna kundiitana, mpweya unamuthera pakati pa mawu. Anesi kukiliniki anati ndi mphumu, ndipo utsi ndiwo ukuiputa.

Vuto ndi ili. Ine ndine Mngoni, ba Nkole ndi Mbemba. Mukudziwa chimbuya chathu: timanyozana paukwati ndi pamaliro pomwe, palibe wokwiya. Nditapita kwa iwo ndinati, "Ba Nkole, mukundiphera mwana." Anaseka mpaka nyundo inagwa. "Iwe wodya mbewa, ndikukuthandiza. Utsiwu ukutulutsira ndiwo kuuna." Pakamwa panga sipagona, ndinabweza: "Nanga inu odya anyani, kuwamba nyani mmodzi kumafuna matayala onsewa?" Tinaseka tonse. Nditafika kunyumba ndinapeza mkazi wanga Emelda atamufukata mwanayo. Anangofunsa kuti, "Avomera?" Ndinayang'ana pansi.

Ndinapitanso, zomwezo. Ba Nkole amauza anthu kuti, "Musamumvere uyu, si uja ankati anameta mkango?"

Emelda akuti ndikawanenere kwa khansala. Koma bambo anga atamwalira, ba Nkole ndiwo anakumba manda, monga achitira anthu a chimbuya. Ndichite bwanji kuti munthu amene ndakhala ndikuseka naye moyo wonse amve kuti pano sindikuseka?

C.T., Chawama, Lusaka


Bambo C.T.,

Nkhuku yanu yandiseketsa, ndipo vuto lanu lagona pomwepo. Ba Nkole sanakukanireni. Sanamvebe kuti mwapempha kanthu, chifukwa mutangowauza za mwana munalowa nawo m'masewera.

Yambani ndi Ndaona. Mankhwala opopera m'kamwa amene anesi amapereka azikhala pafupi, kusukulu komwe. Matayala akayaka, muchotsenipo, akakhale kwa achibale kumene utsi sukufika. Musamutsekere m'nyumba pamodzi ndi mbaula, utsi wa makala nawo ndi woopsa. Mukaona nthiti zikulowa mkati popuma, milomo ikusintha mtundu, kapena akulephera kuyankhula, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Kenako pitani kwa ba Nkole, koma osati pathanthwe pomwe pali anthu oti muwasangalatse. Pitani kunyumba kwawo, muli ndi Emelda ndi mkulu wina amene iwo amamulemekeza. Khalani pansi, chipewa m'manja. Mawu anu oyamba akhale akuti, "Lero sindinabwere ndi chimbuya." Zotsalazo anene Emelda zimene anesi ananena. Iye sanametepo mkango, amukhulupirira.

Kumbukirani kuti miyala ija ndiyo imawadyetsa. Musangoti siyani. Kambiranani zoswa ndi nyundo yaikulu ndi zitsulo zokhomera m'ming'alu. Ndi ntchito yowawa, koma utsi umenewo ukulowanso m'mapapo mwa iwo eni.

Funsaninso makolo oyandikana nanu. Ndikukayika ngati Ndaona ndi yekha amene akutsokomola. Ba Nkole akakana, pitani pamodzi kwa khansala ndi kwa azaumoyo, mutawauziratu iwowo kuti mukupita. Pamenepo pakamwa panu potchukapo pagwire ntchito, koma nenani zimene zachitikadi basi, zakwana kale kuopsa.

Za manda a bambo anu musade nazo nkhawa. Munthu amene anakulirirani chotero ali ndi mtima woti angamve.

Chenjezo langa ndi limodzi. Ba Nkole adzayesa kukuseketsani, ndipo yankho lokoma lidzakufikani pamilomo. Limezeni. Mukangoseka, mawa matayala ayakanso, ndipo wopuma utsiwo ndi Ndaona.

Aphungu