Phazi la Thadzi Lathu

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno tilipo ndithu.

Thadzi lathu linatupa phazi mwezi watha. Akulichiza ndi mayi telala wa khomo loyandikana nafe. M'mawa uliwonse amaviika phazilo m'madzi ofunda a mchere n'kulimanga kansalu, amuna anga atalifungatira. Ine amangondituma madzi. "Alamu, koma mumadziwa kugwira!" amatero mayiyo. Chikwatiwire, sindinawamvepo amuna anga akuseka chotero.

Dzulo ndili ndekha ndinamasula kansaluko. Azakhali, phazilo linachira kalekale. Ndinamanganso mmene kanalili, ndipo lero abweranso kudzachiza.

Thadzili munatipatsa ndinu, n'chifukwa chake ndikufunsa kaye. Ndikalipha, mudzakwiya?

Ndine mwana wanu.